Mwala wa pamanda: mungadziwe bwanji kuti ndi granite weniweni?

Amayi, mwafunsa ngati mwala wakuda umene akukugulitsani kuti muike pamanda a bambo ku Leopards Hill mu Lusaka ndi granite weniweni. Kawirikawiri wakuda bii sakhala granite, koma musataye mtima, chifukwa ungakhale wabwinobe.

Granite amapangika chiphalaphala chamoto chikazirala pang'onopang'ono pansi penipeni pa nthaka. Kuchedwa kuziralako n'kumene kumapatsa timibulu take mpata wokula mpaka kuoneka ndi maso. Yang'anani kumbuyo kwa mwalawo, kumene sanapukute. Muyenera kuona mitundu itatu: quartz wotuwa wonga galasi, feldspar woyera kapena wofiirira yemwe amakhala wochuluka kuposa onse, ndi timadontho takuda tonyezimira ta mica. Quartz akapanda kufika magawo 20 pa 100, akatswiri a miyala sautcha granite. Wakuda uja, monga wochokera ku Mutoko ku Zimbabwe kapena ku Rustenburg ku South Africa, ndi wa banja la gabbro ndi dolerite. Quartz mulibe kapena ndi wochepa kwambiri, koma nawonso unachokera ku chiphalaphala, ndipo dzuwa ndi mvula umapirira bwino.

Chenjerani ndi marble, mwala wochokera ku laimu kapena ku dolomite, mbale wake wa laimu. Lusaka yakhala pa dolomite ndi miyala ya laimu, n'chifukwa chake ku Chilanga, pafupi ndi mzindawu, kuli fakitale ya simenti. Miyala imene azimayi amaswa m'mbali mwa misewu yambiri ndi yomweyi. Ikapukutidwa imakongola, koma ndi yofewa. Tengani mpeni mukande pangodya yobisika. Chitsulo cha mpeni chimalimba pafupifupi 5.5 pa muyeso wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala, feldspar 6, quartz 7, pomwe marble ali pa 3 ndipo dolomite sapitirira 4. Mpeni ukasiya mzere wozama wotulutsa ufa woyera, si granite. Donthezani viniga pa ufawo: ukatulutsa thovu, ndi laimu. Viniga wothira pamwamba posalala sakuuzani zambiri, poti dolomite sachita thovu msanga asanaperedwe. Madzi a mvula amadya mwala wotere pang'onopang'ono, kuwala n'kutha, zilembo n'kufufutika.

Ena amapaka utoto mwala wotuwa kuti ude. Pukutani ndi kansalu koyera konyowetsa ndi acetone, uja wochotsera utoto wa zikhadabo. Kansaluko kakada, mwalawo usiyeni. Timadontho tonga golide nato si mwayi ayi, titha kukhala pyrite, amene amachita dzimbiri n'kusiya mizere yofiira. Gogodaninso ndi kahamala: mwala wabwino umalira ngwee, wokhala ndi mng'alu umalira mogontha.

Musaiwale kulemera kwake. Granite wa mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 3 kuchindikala amalemera makilogalamu pafupifupi 80, wakuda uja pafupifupi 90. Dothi la pamanda limatitimira, choncho dikirani lidutse nyengo ya mvula imodzi, ndipo konkire ya maziko ikhale ndi zitsulo komanso ifike pa nthaka yolimba ya m'mbali mwa dzenje. Ponyamula, mwalawo uimirire cham'mbali. Ukagonekedwa m'galimoto umathyoka pakati galimotoyo ikangogunda dzenje la pamsewu.