Kodi Zamrock kunali kungotsanzira azungu?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofotokoza kuti mwana wake ankamvera nyimbo ya Tyler, the Creator yotchedwa "Noid", yomwe inatuluka mu 2024, ndipo iye anadabwa kumva mawu a Chinyanja m'nyimbo ya munthu wa ku America. Atafunsafunsa anauzidwa kuti mawuwo anatengedwa m'nyimbo yakale ya gulu la ku Zambia la Ngozi Family. Tsono akufuna kudziwa kumene nyimbo zamtundu umenewu, za rock ya ku Zambia ya m'ma 1970 yotchedwa Zamrock, zinachokera, komanso ngati oimba ake sankangotsanzira azungu.

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Kuti mumvetse Zamrock muyenera kuyambira ku migodi ya mkuwa. Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa unkagulidwa pamtengo wabwino, ndipo m'matauni a ku Copperbelt monga Kitwe, Ndola ndi Chingola munadzaza anthu a mitundu yosiyanasiyana omwe ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Anthu otere amafuna kokasangalala ikakwana Loweruka, ndipo ana awo anakula akumvera Jimi Hendrix, James Brown ndi The Rolling Stones. Kutsanzirako kunalipo ndithu poyamba, sindingakane. Woimba wotsogolera gulu la WITCH, Emmanuel Chanda, mpaka anapatsidwa dzina lakuti Jagari chifukwa cha mavinidwe ake omwe ankakumbutsa anthu za Mick Jagger wa The Rolling Stones.

Koma mukatchera khutu ku zimbale za m'ma 1970 mumva kuti mbewu yobwerayo inamera mwina m'nthaka ya ku Zambia. Gitala ya Paul Ngozi, mtsogoleri wa gulu la Ngozi Family, pa chimbale cha Day of Judgement cha mu 1976 imalira mosasa, ngati mavu otsekeredwa m'chitini, pamene ng'oma pansi pake zikugunda molemera, ndipo mawu ake amakamba za moyo wa m'makomboni, nthawi zina m'Chingerezi, nthawi zina m'Chinyanja. Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya anaphatikiza magitala ndi ng'oma zachikhalidwe pa Wings of Africa, chimbale chomwe anajambulira ku Nairobi. WITCH nayo inatulutsa Lazy Bones!! mu 1975. Kwa ine amenewa sanali otsanzira ayi, anali anthu omwe anabwereka chida n'kulimira munda wawo.

Boma nalo linathandiza. Pulezidenti Kenneth Kaunda, yemwe naye ankakonda kuimba gitala, analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dzikomo. Mwadzidzidzi panafunika zimbale zambiri, ndipo Edward Khuzwayo wa kampani ya Zambia Music Parlour ku Ndola anatenga magulu ambiri n'kuwatulutsira nyimbo.

Chimene chinadyetsa Zamrock ndi chimenenso chinaigwetsa. Mtengo wa mkuwa utatsika pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zogulira chimbale kapena zolowera kudansi zinasowa m'matumba. Nkhondo ya ufulu ya ku Rhodesia (lero Zimbabwe) inafikanso m'dziko la Zambia, boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo gulu lomwe limadya za usiku silingakhalitse ngati anthu akutsekera zitseko dzuwa likangolowa. Eni malo achisangalalo anaona kuti disiko ndi yotsika mtengo kusiyana ndi kulipira oimba asanu, kenaka nyimbo zovina za ku Zambia zotchedwa kalindula zinatenga malo m'ma 1980. Chomvetsa chisoni koposa ndi mliri wa Edzi, womwe unatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo akadali ndi mphamvu. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Pa amene anayambitsa WITCH anatsala ndi Jagari yekha, ndipo iye anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya.

Pamenepa m'pamene nkhaniyi imandiwawa pang'ono, chifukwa anthu omwe anafukula nyimbozi anachokera kutali. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, yomwe mwini wake ndi Eothen Alapatt, inatulutsanso zimbale za Ililonga ndi za WITCH, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri pansi pa dzina lakuti Welcome to Zamrock! Mu 2019 kunatuluka filimu ya Gio Arlotta yonena za Jagari, ndipo mkuluyu anayambanso kuimba m'mayiko a ku Ulaya ndi ku America limodzi ndi Patrick Mwondela, yemwe ankaimba kiyibodi m'gulu la WITCH m'ma 1980, komanso oimba achinyamata akunja. Mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano cha Zango. Kwawo nako zinthu zikusintha, pakuti woimba wa rap wa ku Zambia, Sampa the Great, anaitana gululi kuti liimbe nawo pa chimbale chake cha mu 2022.

Mukafuna poyambira, ine ndingakulozereni ku chimbale cha Africa cha gulu la Amanaz, la ku Kitwe, chomwe chinatuluka mu 1975. Mulimo nyimbo yodekha yotchedwa "Khala My Friend", momwe woimbayo akudandaulira mnzake kuti asapite kutali. Muimvere pamodzi ndi mwana wanuyo, kenaka mumuikire ya Ngozi Family ija yathunthu, imene Tyler anangodulako kachidutswa. Dzina lake ndi "Nizakupanga Ngozi".