Quilt ya ulendo wa ku Utah: musagule nsalu musanaone matanthwe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amasoka ma quilt ngati ine, zofunda zija zolumikiza tizidutswa ta nsalu pamwamba, thonje pakati ndi nsalu ina kumsana. Akuti mu June atsikira ndege ku Las Vegas ku America limodzi ndi bambo a kunyumba, ana awiri ndi apongozi awo aakazi. Akabwereka galimoto, ndipo m'sabata imodzi akufuna aone mapaki a zachilengedwe a Grand Canyon, Zion, Bryce Canyon ndi Arches, komanso mapiri a ku Colorado. Akufunsa ngati zimenezi zingatheke, zosokera zoti anyamule, komanso mmene ulendowu ungaberekere quilt popanda banja lonse kumangoima panja pa masitolo a nsalu nkhope zitakwinyika.

Mayi, kutheka zitheka, koma mudzabwerako mukudziwa bwino mipando ya galimotoyo kuposa matanthwe. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kuchokera ku Las Vegas kukafika ku South Rim, mbali ya kum'mwera ya Grand Canyon, kokha ndi makilomita pafupifupi 450, ndipo Moab, tawuni yoyandikana ndi Arches, ili pa makilomita oposa 700. Mapiri a Colorado ali kuseri kwakenso. Chotsani Arches ndi Colorado pandandandawo. Tsalani ndi Zion, Panguitch, Bryce Canyon, msewu wa nambala 12 ndi Capitol Reef. Malo amenewa ali mondondozana kum'mwera kwa Utah, ndipo kuchoka pena kupita pena sikudya tsiku lonse.

Ngati bambo anenetsa kuti sangafike dera limenelo osaona Grand Canyon, ndikuwamvetsa. Chigwembecho n'chotalika makilomita 446 ndipo kuya kwake kumaposa kilomita imodzi ndi theka, palibe chithunzi chimene chingakuuzeni zoona zake. Mukatero mupite ku South Rim pobwerera, kudzera ku Kanab ndi Page, ndipo mutayepo Capitol Reef. North Rim, mbali ya kumpoto, ili pafupi ndi Zion, koma moto wolusa wa mu July 2025 unatentha nyumba ya alendo ya Grand Canyon Lodge, choncho muyambe mwaona pa tsamba la pakiyo zimene zili zotsegula. Musanyengeke ndi mapu: mbali ziwirizi zatalikirana makilomita 16 okha kudumpha phompho, koma pagalimoto ndi oposa 300.

Colorado musungire ulendo wina wotsikira ku Denver. Pafupi pomwepo, ku Golden, kuli Rocky Mountain Quilt Museum imene inatsegulidwa mu 1990, ndipo kum'mwera chakumadzulo kuli msewu wa Million Dollar Highway pakati pa Ouray ndi Silverton, wokwera mpaka mamita oposa 3,300 pa Red Mountain Pass, malo ena opanda zitsulo zotchinga m'mbali. Umenewo si msewu woyendamo mothamangira ndege.

Chimene ndakusungirani Panguitch n'chakuti kwa wosoka ma quilt, katawuni kameneka ndi mtima wa ulendo wonse. Anthu anayamba kukhalako mu 1864. Malowo ndi okwera pafupifupi mamita 2,000, ndipo chisanu chinapha mbewu zawo zisanakhwime. Njala itafika povuta m'nyengo yozizira, amuna 7 ananyamuka ndi ngolo ya ng'ombe kupita ku Parowan, makilomita oposa 60 kuseri kwa phiri, kukafuna ufa. Chipale chofewa chinali chakuya moti ngoloyo anaisiya panjira, ndipo iwonso ankatitimira. Nkhani imati anayala quilt pansi n'kugwadapo kuti apemphere, ndiye anazindikira kuti pa chofundacho sakumira. Ulendo wotsalawo anayenda motero, kuyala quilt kutsogolo, kupondapo, kutola ya kumbuyo n'kuiyalanso, mpaka anakafika n'kubwerako ndi ufa. Lero m'tawunimo muli kapaki ka chikumbutso kokhala ndi chiboliboli, ndipo chaka chilichonse mu June amachita Quilt Walk Festival, ndi makalasi osoka, chionetsero cha ma quilt komanso sewero la nkhaniyi. Poti inu mukupita mu June, funsani masiku ake musanagule matikiti a ndege. Nkhani imeneyi muwauze ana muli m'galimoto musanafike. Akaimva sadzaonanso ma quilt ngati zinthu za amayi zokha.

Tsono nkhani ya nsalu, imene ndikufuna ndichedwepo. Anthu ambiri akamakonzekera ulendo wotere amakagula kaye nsalu za olenji ndi zofiira mulu, poti pazithunzi Utah yonse imaoneka choncho. Quilt yake ikatha imatuluka yofiira mbali zonse, diso losowa popumira. Ine ndikuti musagule kalikonse musanaime nokha pansi pa thanthwe n'kuliyang'anitsitsa. Ku Zion mudzaona kuti makoma aja ndi ofiira m'munsi koma pamwamba ndi oyera motuwira, ngakhale mwala wake ndi umodzi, wa mchenga, wotchedwa Navajo Sandstone. Kufiirako n'chitsulo chimene chinachita dzimbiri m'mwalamo. Pakhomapo pamatsika mizere yakuda motsata mmene madzi amayenderera, yopangidwa ndi manganese ndi chitsulo. M'ming'alu muli mthunzi wopita ku pepo. Pansi pali timitengo ta juniper tobiriwira moderako ndi zitsamba za sagebrush zobiriwira motuwa. Zakudazo ndi zotuwazo ndi zimene zimachititsa kuti kufiira kuja kuwale, ndipo ndi zimene anthu amaiwala kugula.

Njira yanga ndi iyi. Kunyumba dulani tizigamba tating'ono kuchokera ku zotsala zanu, mitundu yonse, ngakhale imene mukuganiza kuti siyenera, n'kutitunga pa pini imodzi yaikulu. Mukaima pamalo, tambasulani dzanja, ikani kachigamba moyang'anizana ndi thanthwe, tsinzinani diso limodzi. Kamene kasowa m'thanthwemo ndiye mtundu wake. Lembani kumbuyo kwa kope malowo ndi nthawi, chifukwa thanthwe lomwelo m'mawa ndi lina, masana limafwifwa, madzulo limayaka. Kenako jambulani ndi foni, chithunzicho muchisinthe kuti chikhale chakuda ndi choyera. Mitundu ikachoka, mudzaona bwino kuti gawo lowala ndi lalikulu bwanji, lapakati bwanji, lakuda bwanji. Mukalowa m'sitolo mugule motsata magawo amenewo, osati motsata chimene chakukopani pashelefu.

Malo atatu ndikupemphani kuti muime ndithu. Oyamba ndi Checkerboard Mesa, kum'mawa kwa Zion, makilomita angapo mukatuluka m'ngalande ya msewu ya Zion-Mount Carmel imene anaiboola m'phiri n'kuitsegula mu 1930, yotalika makilomita 1.8. Phirilo lili ndi mizere yopingasa ndi yotsika moti limaoneka logawidwa m'timabokosi. Yopingasayo ndi mmene mphepo inkaunjikira mchenga kalekale dera lonselo lili chipululu, yotsikayo ndi ming'alu ya kutentha ndi kuzizira. Wosoka aliyense akaliona amayamba kuwerenga mabuloko. Achiwiri ndi Sunrise Point ku Bryce Canyon, dzuwa likungotuluka, pamene zipilala za miyala zotchedwa hoodoo zimasanduka pinki, olenji ndi zoyera m'mizeremizere. Zipilalazo zinasemedwa ndi madzi oundana m'ming'alu usiku n'kusungunuka masana. Achitatu ndi Capitol Reef, kumene miyala inasanjikizana mooneka bwino kwambiri: pansi yofiira moderako ngati chokoleti, pakati yotuwa mobiriwira ndi ya pepo, pamwamba makoma a olenji. Amene akusowa pateni angoyang'ana pamenepo. Mizere yopingasa ya m'lifupi mosiyanasiyana, wina wa mainchesi awiri wina wa mainchesi asanu ndi limodzi, yodulidwa mosawongoka kwenikweni, ikwanira kukhala quilt yonse.

M'masitolo a m'derali mudzapeza nsalu zosindikizidwa kale zithunzi za mapaki. Sindizida, zimakhala bwino kumsana kwa quilt kapena pa pilo ya mwana. Koma kutsogolo, ine ndimaona kuti zimamaliza nkhani wosokayo asanaiyambe.

Makina osokera asiyeni kunyumba. Nyamulani ntchito ya pamanja, makamaka English paper piecing, ija yokulunga nsalu pa timapepala ta ngodya zisanu ndi imodzi n'kutilumikiza ndi singano. Zonse zimakwana m'kachikwama kamodzi: timapepala, singano, ulusi wotuwa umene umabisala pa mitundu yambiri, ndi kasizasi. Pa ndege za ku America amalola sizasi m'chikwama cha pamanja ngati mpeni wake suposa mainchesi 4 kuyeza kuchokera polumikizira, koma rotary cutter, kampeni kozungulira kodulira nsalu, ipite m'katundu wa pansi, kapena ingotsala. Chenjerani ndi kutentha kwa m'galimoto yoimikidwa padzuwa. Phula lopaka ulusi ndi guluu zimasungunuka, mphasa yodulirapo nsalu imapindika osawongokanso, ndipo mizere yolembedwa ndi mapeni a FriXion imafufutika yokha. Fumbi lofiira la kumeneko likalowa mu nsalu yoyera limavuta kuchoka, choncho sungani zonse m'timapepala ta pulasitiki totseka, ndipo musambe m'manja mukadzola mafuta oteteza kudzuwa musanagwire nsalu.

Musasoke galimoto ikuyenda m'misewu yokhotakhota. Mutu umazungulira, singano ndi mabuleki sizigwirizana, komanso muphonya zimene mwapitira. Msewu wa 12 ndi wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera kufupi ndi Panguitch kukafika ku Torrey. Pakati pa Escalante ndi Boulder pali malo otchedwa Hogback pamene msewu umayenda pamsana pa phiri, phompho uku ndi uku, kenako umakwera Boulder Mountain mpaka mamita pafupifupi 2,900 m'nkhalango ya mitengo ya aspen ya makungwa oyera. Maso akhale panja. Nthawi yosoka ilipo yambiri kwina: madzulo pamalo ogona, pamzere wodikira basi ya ku Zion poti mu June magalimoto a alendo saloledwa m'chigwa chachikulu, kapena pabenchi ndi apongozi pamene bambo ndi ana atsikira m'munsi.

Apongoziwo muwaganizire pa nkhani ya kukwera kwa malo. Bryce Canyon ili pakati pa mamita 2,400 ndi 2,700, mpweya ndi wochepa, munthu amachita befu atangoyenda pang'ono. Njira ya m'mphepete kuchokera ku Sunrise Point kukafika ku Sunset Point ndi yowaka bwino, yosakwana kilomita imodzi, ndipo zokongola zambiri zimaonekera pomwepo. Ku Zion, Riverside Walk nayo ndi yowaka ndipo ili ndi mthunzi m'mbali mwa mtsinje wa Virgin. Nyamulani majuzi ngakhale ndi June, poti ku Bryce m'mawa kumazizira, pamene ku Zion masana kumafika madigiri 38. Madzi akumwa asasowe m'galimoto.

Kuti masitolo asakhale mkangano, apatseni nthawi ya masana, dzuwa litaswa mtengo, pamene palibe amene akufuna kukwera phiri. Sitolo imodzi patsiku, ndipo si tsiku lililonse. Nenani mphindi zimene mukhalamo ndipo muzisunge, bambo adzavomeranso mawa. Imbani foni musanapite, poti m'matawuni ang'onoang'ono a ku Utah masitolo ambiri satsegula Lamlungu. Mwana aliyense asankhe yekha fat quarter imodzi, chidutswa chija cha mainchesi 18 kwa 22, ndipo mulonjeze kuti ilowa mu quilt ngakhale itakhala ya madinosa obiriwira. Malo ake mudzawapeza, mwina m'mpendero. Pa paki iliyonse apite ku ofesi ya alendo akatenge kabuku ka Junior Ranger, kamene akakadzaza amalandira baji. Muwauziretu kuti m'mapaki amenewa n'koletsedwa kutola miyala, maluwa kapena mitengo. Chikumbutso chawo chikhale kansalu koyera kamene aliyense, apongozi omwe, alembepo dzina ndi malo amene anamusangalatsa ndi peni yosafufutika, kuti kadzasokedwe kumsana kwa quilt.

Zing'onozing'ono ziwiri. Chiphaso cha chaka chonse cha America the Beautiful chimalowetsa galimoto imodzi m'mapaki onsewa, ndi $80 kwa okhala m'dzikomo, koma kuyambira January 2026 alendo ochokera kunja amalipira $250, ndiye werengerani bwino. Nthawinso imasintha: mu June Utah imakhala patsogolo pa Nevada, kumene kuli Las Vegas, ndi ola limodzi, Arizona, kumene kuli Grand Canyon ndi Page, imafanana ndi Nevada, koma dera la Navajo Nation limene lili mu Arizona momwemo limatsata nthawi ya Utah. Ngati mwalembetsa zokaona Antelope Canyon ku Page, kumene munthu salowa popanda wotsogolera wa mtundu wa Navajo, funsani kuti ola limene akupatsani ndi la wotchi iti.

Nsalu imene mwaisankha kuti ikhale yaikulu mu quilt mugule yokwanira pomwepo, muwonjezepo theka la yadi, chifukwa simudzabwereranso ku sitolo imeneyo ndipo mpukutu wina wa dzina lomwelo ukhoza kusiyana pang'ono mtundu. Mukafika kunyumba, zofiira ndi za pepo zonse muziviike pazokha m'madzi ofunda muli kachidutswa koyera. Kakasintha mtundu, chapaninso mpaka madzi ayere musanazilumikize ndi zoyera zija za pamwamba pa Zion.