Musanaike timu ya rugby league ku New York, funsani kaye amene alipire ndege

Achimwene ena amene akukhala ku Leeds atumiza imelo. Akuti anazolowera kupita ku Headingley kukaonera Leeds Rhinos, ndipo chikuwazunguza mutu n'chakuti masewero okoma chonchi angopanikizika m'matauni ochepa a kumpoto kwa England ndi kum'mawa kwa Australia. Funso lawo: bwanji osaika timu ku New York, ku Johannesburg kapena ku Lagos, ndipo atati aikedi ayambire pati?

Achimwene, mwakhudza pa chilonda. Maganizo amenewa ayesedwa kambirimbiri, ndipo matimu amene anafera m'njira achuluka kuposa amene anafika.

Kwa amene simuidziwa, rugby league ndi ragibi ya osewera 13 mbali iliyonse, osati 15. Timu imapatsidwa mipata 6: akakugwetsani ka 6 musanagoletse, mpira mwapereka kwa anzanu. Inabadwa pa mkangano wa ndalama mu 1895, pamene makalabu a kumpoto kwa England anakumana ku George Hotel mu tauni ya Huddersfield n'kuchoka ku bungwe la ragibi chifukwa ankafuna kulipira anyamata a m'migodi ndi m'mafakitale amene ankajomba ku ntchito Loweruka kuti akasewere. Mpaka lero matimu akuluakulu, Wigan, St Helens, Warrington, Leeds, Castleford ndi awiri a ku Hull, andandana m'mbali mwa msewu umodzi wa M62. Ligi yawo ndi Super League, dzina lofanana ndi yathu ya mpira wa miyendo. Ya ku Australia ndi NRL, ndipo ndalama zenizeni zili kumeneko.

Tiyambe ndi Toronto Wolfpack, chifukwa ndiyo New York yanuyo itavala malaya ena. Inalowa mu ligi yachitatu ya ku England mu 2017, ikusewerera pa Lamport Stadium, bwalo la anthu osakwana 10,000. Anthu ankabweradi, mowa ukuyenda, nyimbo zikulira. Inakwera kawiri m'zaka zitatu, ndipo mu 2019 inakwapula Featherstone 24-6 n'kulowa mu Super League. Inagula Sonny Bill Williams, dzina lodziwika dziko lonse. Poonera patali zonse zinali bwino. Koma taonani pangano limene inalowera. Timu iliyonse yochokera ku England, ndege ndi hotela ankalipira ndi a Toronto. Pa ndalama za wailesi ya kanema zimene matimu ena amagawana, iwo anavomera kusalandira gawo lawo. Sizoni imayamba chakumayambiriro kwa chaka pamene ku Toronto kuli chisanu choopsa, choncho miyezi yoyambirira timuyo inkasewera koyenda kokhakokha, pa geti osalowa kalikonse. Osewera ankakhala ndi kuchita mapulakatisi ku England, kwawo kwa timu kuli kutsidya kwa nyanja, ulendo wa maola 7 pa ndege. Obadwira ku Canada anali owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Dzenje lonselo ankakwirira munthu mmodzi, mwini timu David Argyle. Mu 2020 inagonja masewero 6 onse a mu ligi, Covid itabwera inadzichotsa mu July, osewera anakhala miyezi osalandira malipiro, ndipo mu November eni Super League anavota kuti isabwererenso.

Ambiri amati inaphedwa ndi Covid. Covid inangokankha khoma limene linali litadyedwa kale ndi chiswe. Umboni wake ndi wakuti matenda omwewa anapha timu ina zaka zoposa 20 m'mbuyomo kulibe mliri. Mu 1995 ligi ya ku Australia inaonjezera matimu anayi nthawi imodzi kufika pa 20: Auckland Warriors, North Queensland Cowboys, South Queensland Crushers ndi Western Reds ya ku Perth. A Reds anauzidwa kuti azilipirira ulendo wa matimu obwera kudzasewera nawo, ndipo kuchoka ku Sydney kufika ku Perth ndi maola pafupifupi 5 mlengalenga. Pofika kumapeto kwa 1997 anali m'ngongole mpaka m'khosi ndipo anatsekedwa. Crushers inafanso chaka chomwecho. Adelaide Rams, imene inabadwa mu 1997 pa nthawi imene rugby league ya ku Australia inagawanika m'maligi awiri olimbana, inakhala masizoni awiri basi. Amene mumatsatira mpira wa kwathu mukudziwa mmene mafuta a basi amadyera timu yochokera ku Chitipa ikamapita ku Blantyre. Ndiye ganizirani kuti basi ya alendonso mukuthira mafuta ndinu.

Apa ndiye palibe zonyengererana. Ligi imene ikufuna msika watsopano koma ikuuza mlendo kuti alipire ndege za eni mudzi, imeneyo sikufuna kukula, ikufuna munthu wachuma woti imudyere kwa zaka zitatu. Makalabu akale amavota poyang'ana mbale yawo: timu yatsopano ibweretsa masapota angati pa geti lathu? Yochokera kunja sibweretsa aliyense, choncho amaiona ngati katundu. Onani zimene zinachitikira Catalans Dragons ya ku Perpignan, ku France. Mu 2018 inagonjetsa Warrington 20-14 pa Wembley n'kukhala timu yoyamba yosakhala ya ku England kutenga Challenge Cup. M'malo moyamikiridwa, chaka chotsatira inauzidwa kuti iike chikole cha mapaundi 500,000 kuti iteteze chikho chake chomwe, poopa kuti ikafikanso mu fainolo matikiti sagulidwa mokwanira. Inakana, nkhaniyo anaikambirana ndipo inaseweradi, koma mtima wa eni ligi unaonekera poyera.

Komatu Catalans yomweyo ndiyo timu yokha ya kunja imene yakhazikika mu Super League, ndipo chifukwa chake sichobisika. Sinagwe kuchokera kumwamba. Kumwera kwa France amasewera rugby league kuyambira m'ma 1930, ndipo ngakhale boma la Vichy, la nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, linailetsa mu 1941 n'kulanda katundu wake, m'matauni ngati Perpignan ndi Carcassonne sinafe. Timuyi inachokera m'makalabu awiri akale, XIII Catalan ndi Saint-Estève, amene anaphatikizana. Italowa mu 2006 inapatsidwa zaka zitatu zoti singatsitsidwe ngakhale ithere pansi, ndipo chaka choyamba inatheradi pansi. Pakanapanda chitetezo chimenecho bwenzi tikuiwerenga pamodzi ndi akufa. Mu 2019 inakasewera ndi Wigan pa Camp Nou ku Barcelona pamaso pa anthu 31,555, ndipo yafika mu Grand Final kawiri, 2021 ndi 2023.

Yerekezani ndi Paris Saint-Germain, imene inatsegulira Super League mu March 1996 anthu oposa 17,000 akuonera. Mzinda waukulu, dzina lalikulu, mizu zero. Chaka chachiwiri inadzaza ndi osewera aganyu ochokera ku Australia, ndipo pakutha pa 1997 inali itatha. Celtic Crusaders ya ku Wales inalowa mu 2009, osewera ake 6 a ku Australia anathamangitsidwa m'dziko chifukwa cha ziphaso zolakwika, inasamuka ku Bridgend kupita ku Wrexham, ndipo mu 2011 inadzichotsa yokha. Gateshead Thunder inasewera sizoni imodzi yokha, ya 1999. Nkhani ya ziphaso anthu amaipeputsa, koma timu yopanda ana a m'deralo imadalira pepala la boma pa wosewera aliyense, ndipo pepala limodzi likavuta timu yonse yatsimphina.

Wina anena kuti nanga Melbourne Storm? Inde, imeneyo inabzalidwa pa thanthwe, mu mzinda umene anthu ake amapembedza mpira wa Australian rules, ndipo inayamba mu 1998 n'kutenga ligi mu 1999. Koma werengani bwino. Inatola osewera okhwimakhwima ku matimu amene anali atangofa kumene, Reds ndi Hunter Mariners. Kumbuyo kwake kunali News Limited, kampani imene inalinso ndi gawo mu ligi ndi mu wailesi yoonetsa masewerowo, ndipo inanyamula zotayika kwa zaka zambiri chifukwa phindu inkalipeza pa kanema. Osewera amene anaipatsa dzina, Cameron Smith, Billy Slater ndi Cooper Cronk, onse anachokera ku Queensland kudzera ku kalabu yaing'ono ya Norths Devils ku Brisbane. Mnyamata woyamba wobadwira ndi kukulira ku Victoria, chigawo chimene kuli Melbourne, kuisewerera, Mahe Fonua, anatulukira mu 2012, patatha zaka 14. Ndipo ngakhale kumeneko kufunitsitsa kupambana kunawalowetsa m'chinyengo: mu 2010 analandidwa maukatswiri a 2007 ndi 2009 chifukwa chodutsa mwakabisira malire a malipiro. Amene akufuna Melbourne ina apeze kaye wolipira amene sadzatopa kwa zaka 15.

Za Las Vegas ndingodutsapo, poti zikutchulidwa paliponse. Kuyambira March 2024 NRL imatsegulira sizoni pa Allegiant Stadium. Chaka choyamba kunalowa anthu 40,746, ndipo mu 2025 Wigan ndi Warrington anapita nawo. Ndi chikondwerero chabwino, koma ambiri m'mipandomo ndi a ku Australia ndi ku England amene anakwera ndege kukasangalala. Cholinga ndi kugulitsa masewero pa kanema ndi kukopa makampani a juga a ku America. Kudzaza bwalo usiku umodzi pa chaka ndi nkhani ina, kulidzaza ka 12 pa sizoni, mvula ikugwa, timu itagonja masewero anayi otsatizana, ndi nkhani inanso.

Ndalama zili pa kanema

Timu yatsopano imadzilipirira yokha pokhapokha ikapatsa wailesi chinthu chatsopano chogula. NRL ili ndi matimu 17 kuyambira pamene Dolphins inalowa mu 2023, kutanthauza masewero 8 pa sabata ndi timu imodzi yopuma. Ikalowa ya nambala 18, Perth Bears, mu 2027, masewero akhala 9, ndipo a nambala 9 amenewo ndi katundu wogulitsa sabata iliyonse. Kuonjezera apo, nthawi ya sizoni Perth imatsalira maola awiri kumbuyo kwa Sydney pamene Auckland imatsogola maola awiri, choncho wailesi imapeza nthawi zatsopano zoonetsera masewero popanda kuombanitsa. Ulendo uno boma la Western Australia likuikapo madola a ku Australia pafupifupi 65 miliyoni pa zaka 7, mbali ina yopita ku masewero a ana, ndipo dzina ndi mitundu yatengedwa ku North Sydney Bears kuti pakhale masapota akale ku Sydney timuyo ikapita koyenda. Ku England zinthu zayenda chobwerera: pangano ndi wailesi ya kanema ya Sky linali pafupifupi mapaundi 40 miliyoni pa chaka ndipo latsika kufika pafupifupi theka. Mphika ukachepa chonchi, n'kovuta kuti kalabu ivotere pakamwa pena.

Papua New Guinea ndiye chitsanzo chimene chatsata ndondomeko yoyenera, ngakhale ndale zalowamo kwambiri. Kumeneko rugby league ndi masewero a dziko lonse, ana amasewera ndi botolo lapulasitiki mpira ukasowa. Sanayambe ndi NRL. Mu 2014 analowetsa PNG Hunters mu ligi yachiwiri, Queensland Cup, ndipo mu 2017 inatenga chikho. Justin Olam anadutsira kumeneko n'kukakhala katswiri ku Melbourne Storm. Timu ya NRL ya ku Port Moresby ikulowa mu 2028, ndipo boma la Australia lalonjeza madola a ku Australia 600 miliyoni pa zaka 10, mogwirizana ndi nkhani za chitetezo m'dera la Pacific. Ulendo wochokera ku Brisbane ndi maola atatu okha. Chovuta chidzakhala kukopa osewera akunja kuti akakhale kumeneko ndi mabanja awo, n'chifukwa chake akuwalonjeza malipiro opanda msonkho ndi malo okhala otetezedwa. Ndipo ndalama ya boma imatha boma likasintha maganizo.

Msika wina umene wakhala pamphuno nthawi yonseyi ndi masewero a mayiko. Wosewera wotchuka Jason Taumalolo atasiya New Zealand n'kusankha kusewerera Tonga mu 2017, dzikolo linagonjetsa New Zealand 28-22, ndipo mu 2019 linagonjetsa Australia 16-12. Samoa inafika mu fainolo ya World Cup mu 2022. Mabwalo a ku Auckland amafiira ndi mbendera za Tonga popanda kumanga kalabu iliyonse yatsopano, kungopatula masabata atatu kapena anayi pa kalendala chaka chilichonse.

Tsono yankho lanu, achimwene. Poyesa malo alionse, onani ngati pali makalabu a ana ndi ligi ya m'deralo imene ingatulutse gawo labwino la osewera 30 amene timu imafuna. Lowetsani timu mu ligi yachiwiri kwa zaka zosachepera 5. Ndege zilipiridwe kuchokera mu thumba la ligi yonse, gawo la kanema liperekedwe lathunthu kuyambira tsiku loyamba, pakhale zaka zitatu zosatsitsidwa, ndipo mwini timu asungitse malipiro a sizoni yathunthu ku banki mpira usanamenyedwe. New York ikugwa pa funso loyamba lomwe. Johannesburg ili ndi osewera ndi mabwalo, nthawi yake siisiyana kwambiri ndi ya ku England, koma ndege ndi maola 11 ndipo ragibi ya anthu 15 inatenga kale masukulu, makampani ndi wailesi. Lagos ili ndi kambewu: Nigeria inapambana mpikisano wa mayiko a Middle East ndi Africa mu 2019 kwawo komweko ndi mu 2022 ku Accra. Kumeneko ndalama zipite ku makochi, oyimbira ndi mpikisano wa masukulu, kenako anyamata awiri kapena atatu pa chaka azikalowa mu akademi ya kalabu ngati Leeds yanuyo.