Nkhope ndi yake, chithunzi ndi chanu

Achimwene, inu wojambula mnzanga amene mukufuna kudziwa kuti chithunzi chomwe mwajambula ndi cha yani, asakunamizeni kuti ndi cha mwini nkhope. Chithunzi cha Oscar Wilde, wolemba mabuku wa ku Ireland, atakhala pampando dzanja lili patsaya, chinakafika kukhoti pa nkhani yomweyi. Anajambula ndi Napoleon Sarony ku New York mu 1882, Wilde atangofika kudzayankhula m'mizinda ya ku America. Apo n'kuti asanalembe buku la Dorian Gray la mu 1890 lomwe anthu analitukwana kuti ndi lolaula, asanamangidwenso mu 1895 n'kukagwira ukaidi zaka ziwiri chifukwa chogona ndi amuna anzake. Kampani ya Burrow-Giles inasindikiza makope 85,000 a chithunzicho otsatsira malonda osapempha, n'kumati kujambula ndi ntchito ya makina chabe. Mu 1884 khoti lalikulu la dzikolo linakomera Sarony, poti ndiye anamukhazika Wilde, nasankha zovala, makatani ndi kuwala.

Mawu a makinawo ine ndinauzidwa pamaso, mpaka pano mtima umawawa. Ndinajambulapo wolemba wina yemwe buku lake linautsa mapiri pachigwa, ena akuti lipserezedwe. Munthu wamanyazi, kamera ikangomuloza ankauma ngati chitsa. Ndinakhala naye masana onse, kudikira dzuwa lipendeke lilowe pawindo, mwana wanga atagwira katoni yomata pepala lonyezimira kuti mbali inayo isade. Cha m'ma 4 koloko anavula magalasi n'kutikita m'maso, ndinajambula pomwepo. Chimodzi chokhacho.

Tsiku lokhazikitsa buku ndikulowa muholo ndingoona chithunzi changa pakhomo, chachikulu kuposa ine. Pachikuto chomwecho. Pa matisheti chomwecho. Dzina langa lomwe linali pakona analidula bwinobwino ngati ndi lezala. Ndinapita kwa bambo wosindikiza bukulo, thukuta lili kamukamu, ndikunjenjemera. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato, anthu akumva, amvekere: "Iwe unangodina batani, nkhope ndi ya abwanawa." Kenako n'kupisa m'thumba kundipatsa ya minibasi. Ya minibasi! Ndipo ndinalandira, ndicho chimandinyansa kwambiri. Anthu oterewa amalipira wa zakumwa, wa mipando, wa zokuzira mawu, koma wojambula amamuona ngati mwana wotumidwa.

Ndiye inu musatumize chithunzi chachikulu pa WhatsApp musanalemberane. Kapepala kakang'ono: chikagwiritsidwa ntchito pati, kangati, dzina lanu lilembedwa pati. Pitaninso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso ku Malawi, mukafunse, malamulo a kwathu kuno amateteza zithunzi. Koma zakukhoti ine sindingakulimbikitseni, Sarony anali ndi situdiyo yotchuka ndi ndalama zolipira maloya, inu mukathera kamera yomweyo. Ndipo musakangane ndi mwini nkhopeyo, mwina sakudziwa n'komwe.

Wolemba wanga uja waimbanso sabata yatha, akuti buku lachiwiri latsala pang'ono. Loweruka ndikupita, kapepala sindinalembe.