Chowumitsira matawulo m'bafa chasiya kutentha

FUNSO: Bambo, ndili ndi nyumba yogona alendo ku Namiwawa. M'bafa ya chipinda chimodzi muli chitsulo chija chooneka ngati makwerero, chopachikapo matawulo kuti aziuma, ndipo chimayendera magetsi. Chiyambireni chiperoni chino chimangokhala chozizira, matawulo akununkha chinyontho, mlendo wina wadandaula kale. Kodi ndingogula china? Ndine mayi wa ku Namiwawa.

YANKHO: Mayi, ndalama yanuyo iyambe yadikira. Zitsulo zimenezi sizifa wamba, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono.

Choyamba chipatseni nthawi. Elementi yake, kachitsulo ka m'kati komwe kamatenthetsa, ndi yaing'ono, zambiri zimakhala za mawati 100 mpaka 300, pomwe ketulo imafika 2,000. Chiyatseni, muchotsepo matawulo onse, mudikire theka la ola, kenako mugwire chitsulo cha pansi penipeni. Zomwe dzanja lanu limve pamenepo ndiye zitiuze kolowera.

Ngati pansi pafunda koma pamwamba pali zii, elementi ili moyo. M'kati mwa chitsulocho muli madzi osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri, zina muli mafuta, ndipo amenewo akachepa kutentha sikukwera. Yang'anani pakhoma ndi pa matailosi pansi pake. Mukaona kamzere ka dzimbiri kapena kadontho kouma m'munsi mwa nati, dziwani kuti chikudontha. Chizimitseni nthawi yomweyo, chifukwa elementi yoyaka popanda madzi imapsa m'mphindi zochepa. Woonjezera madziwo asadzaze mpaka pakamwa, asiye mpata pang'ono pamwamba poti madzi akatentha amafufuma.

Ngati chonse chili chozizira, ndiye kuti magetsi sakufika kapena elementi yapsa. Swichi yake kawirikawiri imakhala kunja kwa bafa, pafupi ndi chitseko, ndipo ili ndi kachitseko kakang'ono kobisa fyuzi. Mwezi wa June wapitawu ndinaitanidwa ku Nyambadwe pa nkhani yofanana ndi yanuyi. Eni nyumba anali atafunsa kale mtengo wa china ku Limbe. Nditazimitsa pa bokosi lalikulu la magetsi n'kutsegula kachitsekoko ndi sikuludiraiva, ndinapeza kafyuzi ka maampu 3 katada mbali imodzi. Titaikapo kena, tisanamalize n'komwe kumwa tiyi chitsulo chinali chitayamba kufunda. Onaninso pa bokosi lalikululo ngati pali breaker (swichi yodzizimitsa yokha pakakhala vuto) yomwe yagwa. Ikwezeni kamodzi kokha. Ikagwanso musalimbane nayo, imeneyo ikukuuzani kuti mwina magetsi akuthawira m'chitsulo, ndipo m'bafa momwe munthu amaponda pansi ponyowa wopanda nsapato zimenezo zimapha.

Apa ndikupempheni ndithu: musalole mnyamata wa pantchito kumanga kawaya m'malo mwa fyuzi, kapena kuikamo ya maampu 13 poti ndi yomwe ili pafupi. Ndaziona m'nyumba zambiri ndipo zimandiwawa mtima. Fyuzi yaing'onoyo anaiika dala kuti izipsa iyo m'malo mwa waya wa m'khoma.

Fyuzi ndi breaker zikakhala bwino, yatsala ndi elementi. Pamenepa itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi. Iye azimitsa magetsi, amasula mawaya n'kuyeza ndi mita yake. Pa magetsi athu a mavoti 230, elementi ya mawati 150 imasonyeza maohmu pafupifupi 350. Mita ikapanda kusonyeza kanthu, elementi yaduka m'kati. Imamasulidwa ngati ya m'giza, ndipo mugula yokhayo. Popita kusitolo tengani yakaleyo kuti mazinga ndi mawati zifanane.

Pakadali pano yanikani matawulo pakhonde lopita mphepo ndipo muziwasita asanalowe m'chipinda cha mlendo. Chikakonzedwa, muzipachikapo tawulo limodzi kapena awiri otambasula, chifukwa mukaunjikapo asanu opindapinda sauma ngakhale chitayaka usiku wonse.