Atengeni onse awiri, wamng'onoyo musamusiye kunyumba

Mayi, mwafunsa ngati n'kwanzeru kutenga ana anu aakazi awiri, wa zaka 11 amene akuphunzira piyano ndi mng'ono wake wa zaka 8 amene wangoyamba vayolini, ku konsati ya nyimbo za classical kuno ku England, popeza mukuopa kuti sakakhazikika pampando, komanso kuti masiku ano akungokhalira kukangana za amene akuimba bwino kuposa mnzake. Ine ndikuti atengeni onse awiri, ndipo ngati mungathe, muwasankhire konsati imene oimba ake ndi apachibale.

Ndikutero chifukwa cha zimene ndinaona tsiku limene ndinapita ndi anyamata anga awiri kukaonera Sheku Kanneh-Mason akuimba cello (chida chonga vayolini koma chachikulu), mlongo wake Isata ali pa piyano. Awiriwa ndi a m'banja la ana 7 a ku Nottingham, onsewo oimba, ndipo mayi awo, a Kadiatu, anabadwira ku Sierra Leone pamene makolo a bambo awo anachokera ku Antigua. Ambirife tinayamba kuwaona mu 2015 pa mpikisano wa pa TV wa Britain's Got Talent akadali achichepere. Chaka chotsatira Sheku, ali ndi zaka 17, anapambana mpikisano wa BBC Young Musician, nakhala munthu wakuda woyamba kutero, ndipo mu 2018 dziko lonse linamuona akuimba pa ukwati wa Prince Harry ndi Meghan Markle ku Windsor.

Koma chimene chinandigwira mtima usiku umenewo sichinali mbiri yawoyi ayi. Tinakhala pafupi ndithu, moti asanayambe nyimbo ndinamva Sheku akukoka mpweya, ndipo mlongo wakeyo, amene sanamuyang'ane n'komwe, anangopendeketsa mutu pang'ono, zala zake n'kutsikira pa piyano pa nthawi yeniyeni imene uta unakhudza nsambo. Mnyamata wanga wamng'ono anandinong'oneza kuti, "Amayi, bwanji sakuwerengerana?" Ndinamuyankha titatuluka kuti anthu amene akulira m'nyumba imodzi, kumvana zolakwitsa zawo tsiku ndi tsiku kudzera pakhoma, amafika podziwana ngakhale kapumidwe. Zimenezi simungazione bwino pa YouTube, pakuti kamera imakusankhirani poyang'ana, pamene m'holo mwana amadzisankhira yekha.

Pa nkhani ya mikangano ya atsikana anuwo, taganizirani kuti Isata ndi wamkulu kwa Sheku ndi zaka zitatu, komabe amene anayamba kutchuka padziko lonse ndi wamng'onoyo. Isata anapitiriza kuimba limodzi ndi Sheku kwinaku akulimbikira zake, ndipo mu 2024 ndiye anali woimba piyano pa usiku wotsegulira BBC Proms, mndandanda wa makonsati a nyimbo za classical, ku Royal Albert Hall ku London. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma ine ndaona kuti makolofe ndife timalithyola fupalo ndi mawu ngati akuti, "Taona mkulu wako mmene akuchitira." Ndimawatchulabe mawu amenewa ndikakwiya, ndipo nthawi zonse ndimaona nkhope ya mwanayo ikugwa.

Za kukhazikika pampando musade nazo nkhawa kwambiri. Konsati yanthawi zonse imatenga pafupifupi maola awiri, ndi nthawi yopuma pakati, choncho palibe cholakwa kubwerera kunyumba pa nthawi yopumayo ngati wamng'onoyo watopa. Ma Proms amachitika chaka chilichonse kuyambira mu July mpaka September, ndipo pamakhala makonsati ena okonzedwera mabanja ndi ana, kumene kugwedezeka ndi kunong'ona sikudabwitsa munthu. Matikiti otsika mtengo kwambiri ndi oimirira, koma ndi mwana wa zaka 8 ndi bwino mulipire mipando. Ngati pali woimba piyano, funani mipando ya kumanzere mukayang'ana kutsogolo, chifukwa kumeneko wamkuluyo adzaona manja a woimbayo.

Muwauziretu kuti nyimbo zambiri zili ndi zigawo zitatu kapena zinayi, ndipo anthu amakonda kudikira mpaka chigawo chomaliza chithe asanaombe m'manja. Ngati kuli gulu lonse la oimba, muwauzenso atchere khutu pachiyambi penipeni, pamene chitoliro chotchedwa oboe chimatulutsa liwu limodzi lokha ndipo zida zonse zimachunidwa motsatira liwulo. Ana anga amaikonda mphindi imeneyo kuposa zina zonse.

Mukabwerako, pemphani aphunzitsi awo awapezere kanyimbo kosavuta ka vayolini ndi piyano koti aziyeserera limodzi. Masabata oyamba adzalozana zala ndithu, wina akuti mnzake akuthamanga, winayo akuti akuchedwa, ndipo inu mudzangowasiya pabalaza, chitseko chili chotsegula, mukumvera muli kukhitchini.