Chifukwa chake Jamshedpur anamangidwa pa mtsinje

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mzinda wa Jamshedpur unamangidwa pa mtsinje. Chachikulu chinali madzi. Kampani ya Tata inasankha mudzi wa Sakchi ku India, pafupi ndi pomwe mitsinje ya Subarnarekha ndi Kharkai imakumana, chifukwa fakitale ya zitsulo imamwa madzi osasewera. Miyala ya chitsulo, malasha ndi njanji nazonso sizinali kutali. Chitsulo choyamba chinatuluka mu 1912, ndipo mu 1919 malowo anawatcha Jamshedpur polemekeza Jamsetji Tata, woyambitsa makampani a Tata, yemwe anamwalira mu 1904 asanauone mzindawo.

Nditafikako, misewu yotakasuka ndi mitengo yamthunzi zinandigwira mtima. Zimaonekeratu kuti anakonzeratu. Koma mukangotuluka m'dera la kampani, nyumba nzothithikana kwambiri.

Poti mwati nza kafukufuku wa kusukulu, za mapulani enieniwo funsani katswiri wa kamangidwe ka mizinda.